Mwana wa masabata asanu: shuga sakukhazikika, chiwindi chakula. Tiyeze gene iti?

Kalinikala wa ku wodi ya ana: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndithandizeni nzeru. Tili ndi khanda la masabata asanu, lolemera makilogalamu 4.6, linabadwa lalikulu koma mayi alibe matenda a shuga. Linabwera likukomoka, shuga wa m'magazi ali pansi kwambiri, pa 1.6 mmol/L. Panopa lili pa dripu ya shuga (dextrose) ya 12.5% yothamanga 30 ml pa ola, likuyamwanso, koma tikangochepetsa dripu shuga akugwa. Malungo palibe, quinine sanalandire, syphilis palibe, maantibayotiki tinamaliza. Chiwindi chikugwirika zala zitatu pansi pa nthiti, ALT (chizindikiro cha kuvulala kwa chiwindi) yakwera, chikasu chilipo pang'ono. Magazi omwe tinatumiza kulabu ya payekha akuonetsa insulin (homoni yotsitsa shuga m'magazi) yokwera. Makolo ati angathe kusonkha ndalama zoyezetsa DNA kunja, koma kamodzi kokha. Tipemphe chiyani?

Dokotala wa ana: Zikomo achimwene. Tiyambe ndi masamu. 12.5 kuchulukitsa ndi 30, kugawa ndi 6 komanso ndi kulemera kwa mwana, zikutipatsa pafupifupi 13.6 mg/kg ya shuga pa mphindi. Khanda labwinobwino limafuna 4 mpaka 6. Kupitirira 8 timaganiza kale za insulin. Koma insulin yomwe mukunenayo inatengedwa shuga ali pati?

Kalinikala wa ku wodi ya ana: Inatengedwa m'mawa pa raundi, shuga ali 4.8, dripu ikuyenda.

Wa ku labu: Pepani bwana, pepala limenelo silitiuza kanthu. Munthu aliyense amene akulandira shuga wa m'dripu insulin yake imakwera, ndiyo ntchito yake. Komanso chiwindi ndi chomwe chimachotsa pafupifupi theka la insulin isanafike m'thupi monse, ndiye chikadwala nambala imaoneka yaikulu. Tengani magazi pa nthawi imene shuga watsika pansi pa 2.8, musanabaye bolus (shuga wobaya kamodzi mumtsempha). Pamenepo insulin iyenera kukhala itazimiririka. Ikapezeka ngakhale pang'ono, yalakwa. Pemphaninso C-peptide, kachidutswa kamene thupi limatulutsa pamodzi ndi insulin. Ndipo chonde musafinye chidendene cha mwana kuti magazi atuluke. Maselo ofiira akasweka amawononga insulin mu chubu momwemo, zotsatira n'kubwera zotsika mwabodza. Atengedwe mumtsempha, afike kwa ife msanga tiwazunguze, tiumitse plasma.

Dokotala wa ana: Ndikuvomereza. Pali zinanso ziwiri zosafuna ndege. Yezani ma ketone (zomwe thupi limapanga likamagwiritsa ntchito mafuta shuga akasowa) pa nthawi yomweyo: insulin ikachuluka ma ketone sapangika, pamene matenda a chiwindi osunga glycogen (nkhokwe ya shuga) ngati GSD 3 kapena 6 amawakweza. Ngati glucagon (homoni yotulutsa shuga m'chiwindi) ilipo, bayani muone. Shuga akakwera ndi 1.7 mmol/L kapena kuposa, ndiye kuti chiwindi chinali ndi nkhokwe koma insulin inatseka chitseko. Musaiwale cortisol ndi thyroid. Khanda la chikasu ndi shuga wotsika likhoza kukhala ndi vuto la pituitary (kachiwalo ka pansi pa ubongo kolamulira mahomoni), makamaka ngati ndi lamwamuna ndipo kamaliseche n'kakang'ono. Chimbudzi chili ndi mtundu wanji?

Namwino wa usiku: Ndi chachikasu bwinobwino adokotala, si chotuwa ayi. Ine ndili ndi funso langa. Usiku wapitawu ndinaviika dipstick mu mkodzo, chifukwa mwanayu akunyowetsa matewera kwambiri, mayi ake mpaka ayanika zitenje pazenera. Inaonetsa shuga 2+ ndi protein pang'ono. Glucometer nthawi imeneyo inali pa 3.1. Anzanga akuti ndi dripu. Koma shuga wa m'magazi ali pansi chonchi, wa mu mkodzo akuchokera kuti?

Dokotala wa ana: A Sisitala, mwagwira pamene pali nkhani. Impso yabwino sitaya shuga mpaka wa m'magazi atafika cha m'ma 10. Ikamataya ali pa 3, timachubu take tobweza shuga m'magazi tikudontha, chimene timachitcha Fanconi. Bwerezani kawiri, muyeze phosphate, bicarbonate ndi ALP. Zikatsimikizika, mndandanda wathu wafupika kwambiri.

Mnzathu wa genetics ku Britain: Moni nonse kumudzi, ndangotuluka kumene ku ntchito. Ndikuopa chinthu chimodzi: mukalemba pa fomu kuti “congenital hyperinsulinism” (insulin yochuluka yobadwa nayo) basi, ma labu ena amayamba ndi ABCC8 ndi KCNJ11, chifukwa ndiwo ma gene (tizigawo ta DNA) omwe amapezeka olakwika kawirikawiri kwa ana osamva diazoxide, mankhwala ochepetsa insulin. Ndalama zitha, yankho libwere lakuti palibe, chonsecho awiriwa sakhudza chiwindi kapena impso.

Insulin, chiwindi ndi impso zikalakwika pamodzi, ine ndimayamba ndaganiza ziwiri. Yoyamba ndi HNF4A. Pali kusintha kumodzi pa gene imeneyi, ena amakulemba R76W ena R63W malinga ndi kawerengedwe kawo, komwe kumabweretsa zomwe mwafotokozazi: mwana wobadwa wamkulu, shuga wotsika, Fanconi, chiwindi chotupa. Ana otere nthawi zambiri amamva diazoxide, ndipo akakula angadzakhale ndi matenda a shuga a mtundu wa MODY (otengera kumtundu, oyamba munthu akadali wachinyamata). Funsani ngati kuchimuna kapena kuchikazi kuli amene anadwala shuga asanakwane zaka 25, ngakhale kusinthaku kumatha kuyambira pa mwanayo makolo alibe.

Yachiwiri ndi tyrosinaemia type 1, gene yake FAH. Imeneyi ndiyo yosadikira, chifukwa imapha chiwindi mofulumira ndipo ili ndi mankhwala, nitisinone. Sifunika DNA kuti muipeze: succinylacetone (chinthu chomwe chimachuluka m'matendawa) mu mkodzo kapena pa dontho la magazi louma pa khadi ndi yokwanira. Chizindikiro chake n'chakuti magazi saundana, INR (muyezo wa kuundana kwa magazi) imakwera kwambiri kuposa momwe ALT ikuonetsera, ndipo vitamin K sathandiza kwenikweni.

Palinso gulu la CDG, matenda obadwa nawo omwe thupi limalephera kumata bwino shuga ku mapuloteni. MPI-CDG imabwera ndi kutsegula m'mimba ndi albumin yotsika, ndipo imamva mannose wakumwa. PGM1-CDG imakonda kubwera ndi mkamwa mong'ambika kumwamba. Galactosaemia nayo imadontheza impso, koma siikweza insulin.

Kalinikala wa ku wodi ya ana: INR ndi 1.2, albumin ili bwino, satsegula m'mimba, mkamwa mulibe vuto. AFP (puloteni yopangidwa ndi chiwindi) ndiye yakwera ndithu.

Mnzathu wa genetics ku Britain: INR imeneyo yandipatsa mpumulo, koma succinylacetone ipitebe. AFP isakuthamangitseni, khanda la msinkhu uwu limakhala nayo yokwera mwachibadwa, ndiye muione pa tchati cha makanda ndipo mubwereze kuti muone ngati ikutsika. Muyang'anenso lilime, mchombo, timizere ta pakhutu, ndi ngati mbali imodzi ya thupi yakula kuposa inzake. Beckwith-Wiedemann imabweretsa mwana wamkulu, chiwindi chachikulu ndi insulin yambiri, koma kawirikawiri siioneka pa panel wamba (mndandanda wa ma gene oyezera pamodzi). Imafuna kuyeza methylation ya pa chromosome 11p15, zomwe zimapemphedwa padera.

Dokotala wa maopaleshoni: Ndilowerereko. Ine sindikuona chifukwa chotayitsira banja ndalama. Mpatseni diazoxide, akamva, zatha. Dzina la gene lisintha chiyani kuno komwe tilibe makina ojambulira m'thupi a PET scan?

Dokotala wa ana: Madala, pa ABCC8 mfundo yanu ili ndi mphamvu, chifukwa phindu lalikulu kumeneko ndi kudziwa ngati vuto lili pa kachigawo kamodzi ka pancreas (chiwalo chopanga insulin) koti n'kudula, ndipo kuti mukapeze pamafunika 18F-DOPA PET. Koma mwana uyu ndi wina. Ikakhala HNF4A, tidziwa kuti phosphate ndi bicarbonate azifunika kwa zaka kuti mafupa asapindike, impso tiziziyang'anira, ndipo shuga adzatembenuka n'kukwera mtsogolo. Ikakhala FAH, mimba iliyonse ya mayiyu ili ndi mwayi umodzi mwa inayi wobwereza zomwezi. Diazoxide sangatiuze zimenezo. Tisadikire zotsatira kuti tiyambe mankhwala, pamenepo tikugwirizana.

Wa ku famase: Diazoxide mu sitolo mulibe, ndiyesa kwa oitanitsa mankhwala mawa. Ikapezeka yambani ndi 5 mg/kg pa tsiku yogawa katatu, malire ake 15. Imasunga madzi m'thupi, ndiye iyende ndi thiazide, mankhwala okodzetsa. Hydrochlorothiazide tili nayo. Mwana amene akulandira kale madzi opitirira 150 ml/kg pa tsiku muchenjere naye. Jambulani mtima musanayambe, chifukwa mu 2015 a FDA ku America anachenjeza za pulmonary hypertension (BP yokwera m'mitsempha ya m'mapapo) kwa makanda omwa mankhwalawa. Octreotide, jekeseni wochepetsa insulin, ndingaipewe pano, imatha kukweza ma enzyme a chiwindi chomwe chadwala kalechi. Mayi muwauziretu kuti mwana adzamera ubweya pankhope ndi kumsana, apo ayi agogo akauona adzasiyitsa mankhwala.

Mnzathu wa genetics ku Britain: Za ndalama, makolo asagulitse mbuzi kaye. Labu ya ku Exeter imagwira ntchito ndi bungwe la Congenital Hyperinsulinism International pa pulogalamu ya Open Hyperinsulinism Genes Project, yoyezera ana omwe sangakwanitse kulipira. Alembereni muwafunse ngati mwanayu angalowe. Adzafuna umboni wa insulin yotengedwa shuga ali wotsika, ndiye malangizo a anzathu a ku labu aja akubwereranso. Magazi akhale mu chubu cha EDTA, cha chivindikiro chapepo, osaumitsa mufiriji. Tengani a mwana, a mayi ndi a bambo. Pa fomu lembani zonse: kulemera pobadwa, chiwindi, shuga wa mu mkodzo, ngati makolo ndi apachibale, ngati mwana anaikidwapo magazi.

Namwino wa usiku: Za magazi a bambo ndiziyankhula ndine, mayi ali payekha kaye. Anthu akamva DNA amaganiza kuti tikufufuza mwini mwana, ndipo zoterezi zimathetsa mabanja. Fomu ya chilolezo asaine atamvetsa.

Kalinikala wa ku wodi ya ana: Zamveka, zikomo kwambiri nonse. Mawa 9 koloko, adokotala alipo, tichepetsa dripu pang'onopang'ono, glucometer mphindi 15 zilizonse, bolus ya 2 ml/kg ya dextrose 10% ili kale mu sirinji pambali. Bwana a ku labu, ndikuimbirani shuga akangofika pa 3 kuti mubwere ndi machubu.

Wa ku labu: Ndidzakhala ndilipo kale. Mundisungire mkodzo wa m'mawa, mabotolo awiri.