Mphindi 48, anthu anayi a The Beatles: ndizigawe bwanji?

Mkonzi wa pulogalamu: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Lamlungu likudzali ndili ndi ola limodzi lokamba za anyamata a The Beatles, gulu loimba la ku Britain, gululo litatha mu 1970. Kuchotsa nkhani ndi zamalonda, zatsala mphindi 48. Ndimati aliyense ndimupatse 12, koma zikundivuta. Paul McCartney wakhala akutulutsa zimbale zaka zoposa 50, pomwe John Lennon anaphedwa pa 8 Disembala 1980, ndipo kuyambira 1975 anali atayamba wapumula kuti alere mwana. Ndiwayerekeze bwanji osalakwira wina?

Muulutsi wa m'mawa: Achemwali, zogawa mphindi mofanana zisiyeni. Omvera akamva Ringo Starr yekhayekha mphindi 12 asintha wayilesi. Sakanizani.

Wosunga nyimbo: Ine ndikanadula zaka. Tengani 1970 mpaka 1973 basi, nthawi imene onse anayi anali pa mpikisano umodzi. Pamenepo nkhani ikukoma yokha, chifukwa amene anayamba kuwala ndi George Harrison, yemwe m'gulu nthawi zambiri ankangomulola nyimbo imodzi kapena ziwiri pa chimbale. Anali ataunjika zambiri moti chimbale chake All Things Must Pass cha mu Novembala 1970 chinatuluka mbale zitatu, ndipo "My Sweet Lord" inafika pa nambala 1 ku America ndi ku Britain anzakewo asanafikepo paokha. Mu Ogasiti 1971 anakonzanso phwando la maimbidwe lothandiza anthu a ku Bangladesh ku Madison Square Garden, ku New York. Omvera ambiri amangodziwa Lennon ndi McCartney, ndiye apa ndi pamene adzatchera khutu.

Mkonzi wa pulogalamu: Nanga McCartney sindimupondereza? Zimbale zake zoyamba olemba nyuzipepala sanazilandire bwino, pomwe Lennon anali ndi Imagine mu 1971.

Wosunga nyimbo: Ayi, chimbale chake Band on the Run ndi cha 1973, chikulowa. Anakajambulira ku Lagos, ku Nigeria, ndipo oyimba awiri a Wings, gulu lake latsopano, anasiya gulu ulendo uli pafupi, anapita atatu okha: iyeyo, mkazi wake Linda ndi Denny Laine. Ng'oma anaimba yekha Paul. Nkhani imeneyi mupatseni nthawi yokwanira.

Muulutsi wa usiku: Ndikugwirizana nazo. Yendani ndi zaka, osati munthu. Potseka ikani chimbale cha Ringo cha 1973, anzake atatu onse alimo ngakhale sanakumane onse pa nyimbo imodzi. "Photograph" analemba ndi Harrison. Chenjezo langa ndi lakuti nyimbo ya mutu wa Band on the Run imapitirira mphindi 5, muwerengeretu.

Mkonzi wa pulogalamu: Zikomo kwambiri, mwandimasula. Ndiika nyimbo 8, ziwiriziwiri, zokamba zikhale pakati. Imfa ya Lennon ndi ya Harrison mu 2001 ndizisungira gawo lachiwiri sabata ya mawa. Achimwene osunga nyimbo, mundipezere "Photograph" yomveka bwino pofika Lachisanu, yanga ili ndi phokoso koyambirira.