N'chifukwa chiyani matcheri akutchire amasiyana mtengo ndi mtengo?

Funso:
Ndakhala ndikuwerenga za matcheri akutchire, otchedwa Prunus avium, omwe amamera okha m'nkhalango za ku Ulaya, kumadzulo kwa Asia ndi kumpoto kwa Africa. Chondidabwitsa n'chakuti mitengo iwiri yoyandikana imatha kubala zipatso zosiyana kwambiri, wina zofiira zowawasa, wina zakuda bii zotsekemera. Kodi gwero lake n'chiyani, ndipo kodi michere yake nayonso imasiyana?

Yankho loyamba:
Achimwene, mtengo umenewu subala ndi mungu wake womwe, kotero njuchi zimayenera kubweretsa mungu wa mtengo wina, ndipo njere iliyonse imatengera makolo awiri. Mbalame zimamwaza njerezo kutali. Ndipotu mawu akuti avium amatanthauza "za mbalame". Matcheri a m'munda amafanana chifukwa alimi amachita kuwamezanitsa kuchokera ku mtengo umodzi wosankhidwa.

Yankho lachiwiri:
Michere imasiyanadi. Kuda kwa chipatso kumachokera ku anthocyanin, utoto wachilengedwe wa m'zomera, ndipo mukafinya tcheri lakuda, madzi ake amadetsa zala, pamene lofiirira silitero kwenikweni. Shuga ndi malic acid, yemwe amabweretsa kuwawasa, zimadaliranso dzuwa, nthaka ndi kupsa kwa chipatsocho, choncho si zonse zochokera ku chibadwa. Ine zimandipweteka mitengo yotere ikamadulidwa chisawawa, chifukwa ina ingakhale yopirira matenda kuposa ya m'munda.

Yankho lachitatu:
Ndiwonjezere chenjezo: musatafune njere zake, chifukwa muli amygdalin, yemwe amatulutsa poizoni wa cyanide m'thupi.