Ndi manyazi chabe kapena ndi nthenda ya mantha a pagulu?

NaPhiri:
Ndithandizeni akuluakulu. Mtsikana wa Fomu 3 amakhoza bwino mayeso olemba, koma aphunzitsi akamuloza kuti ayankhe amanjenjemera, thukuta kamukamu, mawu osatuluka. Wayamba kujomba, ndipo pamaso pa anthu sadya. Ena akuti ndi ulemu, ena akuti ndi matama. Kodi imeneyi ndi nthenda?

Gondwe:
Mayi, wamanyazi amazolowera akakhala ndi anthu kanthawi. Uyu akuopa kuti anthu akumuyang'anitsitsa ndipo amuseka, ndiye akuthawa. Zikapitirira miyezi 6 n'kumamusokonezera sukulu, madokotala amati social anxiety disorder, kutanthauza nthenda ya mantha a pagulu. Nthawi zambiri imayamba munthu ali ndi zaka pafupifupi 13. Choipa kwambiri ndi kujombako: tsiku limenelo mtima umakhala m'malo, koma ubongo umaphunzira kuti wapulumuka chifukwa chothawa, mawa mantha n'kukulirakulira. Musamukalipire, si matama.

Chisomo M.:
Chithandizo chodalirika ndi uphungu wa CBT, womwe umathandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake. Mtsikanayo alembe zinthu 10 zimene amaopa, chilichonse achipatse nambala kuyambira 0 mpaka 10 malinga ndi kukula kwa manthawo. Ayambe ndi za pa 3 kapena 4, monga kufunsa mtengo wa tomato pamsika kapena kuwerenga ndime mokweza kunyumba. Akhale pomwepo mpaka manthawo atsike ndi theka, abwereze masiku angapo, kenako akwere. Zimalakwika pawiri. Akuluakulu amafulumira kumuimika pa asembule, iye n'kuchita manyazi osafunanso kuyesa. Kwina mwana amayesa koma akubisala: maso pa foni, kukhala benchi yakumbuyo, kuloweza mawu onse asanalankhule. Akatero saona yekha kuti zimene amaopazo sizichitika. Akabwerako asamangobwereza m'mutu zimene walakwitsa. Alembe zimene ankaopa ndi zimene zachitikadi.

Gondwe:
Ndiwonjezere za kuchipatala. Yambani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu, mufunse namwino kapena kiliniko ofesala woona za matenda a maganizo. Kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ayezenso chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mopyola chimanjenjemeretsa ndi kuthamangitsa mtima. Kwa mwana wa msinkhu uwu uphungu ndiwo umatsogola. Mankhwala monga fluoxetine alembe dokotala. Amayamba kuthandiza pakatha milungu 4 mpaka 6, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Diazepam, mankhwala okhazika mtima pansi, musamugulire, thupi limazolowera. Akanena zofuna kudzipha, mupite naye tsiku lomwelo.