Jimny, Pajero iO kapena Terios pa misewu ya ku Angónia: mafuta ndi kulimba kwake

Mayi a Tadala, Ulónguè

Moni nonse. Ndikufuna kugula kagalimoto kokoka mawilo onse anayi, mwa zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan. Maulendo ake ndi a ku Dómuè ndi ku Tsangano m'misewu yafumbi, dzinja ndi chilimwe chomwe, ndi kutsikira ku Tete mwa apo ndi apo. Okwera ndi awiri kapena atatu, nthawi zina ndi matumba a fetereza kapena a kachewere. Maso anga ali pa Suzuki Jimny, Mitsubishi Pajero iO ndi Daihatsu Terios. Kodi zimamwa mafuta motani zikakhala pamsewu weniweni, osati zolembedwa papepala? Nanga chimayamba kuwonongeka n'chiyani? Odziwa, ndithandizeni ndisanatulutse ndalama.

A Phiri, Moatize

Mayi, poyamba dziwani kuti Jimny zilipo zamitundu ingapo, ndipo wogulitsa akhoza kungoti "Jimny" osakuuzani kuti ndi iti. Werengani nambala ya chesisi. Ikayamba ndi JB23, injini yake ndi ya 660cc yokhala ndi turbo, yopangidwira malamulo a ku Japan a timagalimoto ting'onoting'ono. JB33 ili ndi injini ya 1.3 yoyendera lamba wa taimingi, amene amafuna kusinthidwa pafupifupi pa makilomita 100,000. JB43 ndi 1.3 nayonso, koma injini yake, M13A, imayendera tcheni. JB74 ndi yatsopano ija inayamba mu 2018, ya 1.5, ndipo mtengo wake ndi wina. Pa ntchito mwanenayi, ine ndinganene JB43 ya giya yamanja.

Za mafuta, musanamizidwe ndi kuchepa kwa thupi lake. Galimotoyi ndi yaitali mmwamba, kutsogolo kwake n'kwa bokosi, ndipo magiya ake ndi aafupi, choncho mphepo imaibweza kwambiri. JB43 yabwinobwino imamwa malita 8 mpaka 9 pa makilomita 100 mukaphatikiza tala ndi fumbi. Pa tala, mukamayenda 80 kapena 90, imatha kutsika kufika pa 7 ndi theka. Mukaikakamiza 110 kapena 120, yembekezerani 10. Ya otomatiki ili ndi magiya anayi okha, ndiye onjezerani lita imodzi. M'matope, mu 4L (giya yamphamvu yokoka mawilo onse anayi pang'onopang'ono), musawerengenso za makilomita. Mafuta amapita ngakhale simukupita patali.

Thanki yake ndi ya malita 40. Kuchokera ku Ulónguè kudzera pa Mussacama mpaka ku Tete ndi makilomita pafupifupi 230, ndiye kutsika kokha kudya malita 18 kapena 19, ndipo pobwerera ndi chitunda, kudya kuposerapo. Thanki imodzi siyokwanira bwino kupita ndi kubwera. Thirani ku Tete kapena kuno ku Moatize musanakwere.

JB23 ija anthu amaithamangira poganiza kuti 660cc ndiye kuti mafuta ochepa. M'tauni zimatheka. Koma pa chitunda chochoka ku Moatize kupita ku Zóbuè, ndi anthu atatu mkati, kainjini kameneka kamakhala kakulira pa turbo njira yonse, ndipo kusiyana kwa mafuta ndi ya 1.3 kumatsala pang'ono kutheratu. Imafunanso oyilo watsopano pa makilomita 5,000 aliwonse osaphonya, apo ayi turbo imapita.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa funso lanu ndi matumba. Jimny yonse ikadzaza siyenera kupitirira makilogalamu pafupifupi 1,420, pamene yokha yopanda kanthu imalemera kupitirira pang'ono 1,050. Chotsala n'cha m'ma 350, ndipo m'menemo muli inu, okwera anu, jeke ndi zonse. Anthu atatu akuluakulu atenga kale 200 kapena kuposa. Matumba awiri a makilogalamu 50, atatu mukakakamiza, basi. Malo akenso mulibe: mipando yakumbuyo ikakhala chiimire, kumbuyo kumalowa zikwama ziwiri zokha. Ndipo musayerekeze kukweza matumba padenga. Galimotoyi ndi yopapatiza, kulemera kukakhala mmwamba imapendekera msanga pokhota.

A Jere, Ulónguè

A Phiri anena zoona za katundu. Ine ndiwonjezere za zimene zimafa, chifukwa injini ya M13A payokha sivuta. Mavuto a Jimny ali kumawilo akutsogolo.

Loyamba ndi ma beringi a kingpin. Mbali iliyonse ya ekiselo yakutsogolo ili ndi awiri, wapamwamba ndi wapansi, amene wilo limazungulirapo mukamakhota. Kuseri kwake kuli chisindikizo cha labala chotchinga madzi ndi fumbi. Chikatha, matope a dzinja amalowa, girizi amasanduka phala, ma beringi n'kuchita dzimbiri. Chizindikiro chake simungachiphonye: pa liwiro la 60 mpaka 80, mukagunda kadzenje, chiwongolero chimayamba kunjenjemera mwamphamvu mpaka mutachepetsa liwiro. Poyesa, kwezani wilo ndi jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza. Likasewera, wina aponde buleki inu mugwedezenso. Kusewera kukatha, vuto ndi beringi ya wilo. Kukapitirira, ndi kingpin. Sinthani onse anayi nthawi imodzi pamodzi ndi zisindikizo zake, muike girizi wosalowa madzi. Makaniko wongosintha wapansi yekha akukubwezerani vutolo dzinja likubwerali. Kunjenjemera kukatsalabe, onani ma bushi a ndodo yopingasa imene imagwira ekiselo kuti isapite m'mbali, ma bushi a mikono yake, ndi balansi ya matayala.

Lachiwiri ndi ma habu. Mawilo akutsogolo a Jimny amalumikizidwa ndi mpweya wokokedwa ndi injini kudzera m'timapaipi topita ku wilo lililonse. Kapaipi kakang'ambika, kapena kachitsulo kake kakaola ndi dzimbiri, mumaika 4H (giya yokoka mawilo onse anayi pa liwiro wamba), nyale ya 4WD n'kumangophethira, mawilo akutsogolo osakoka. Ambiri amazindikira ali kale m'matope. Timapaipi ta labala n'totsika mtengo, sinthani tonse mukangogula. Ena amachotseratu zonsezi n'kuika ma habu otembenuza ndi dzanja. Pamenepo mumatsika n'kutembenuza musanalowe pamalo poipa, koma simudzakayikanso ngati agwira. Kwa munthu woyenda ku Tsangano mu Januwale, ine ndimakonda amenewa.

Lachitatu si vuto la galimoto, ndi la woyendetsa. Jimny ilibe difu yapakati, imene imalola mawilo akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana. Mu 4H mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana, pamene pokhota akutsogolo amafuna kuyenda mtunda wotalikirapo. Pafumbi kapena pamatope tayala limaterereka pang'ono, mphamvuyo n'kutuluka. Pa tala youma ilibe kotulukira, ndiye imakathera mu tcheni cha transifa (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ndi m'majoini. Mukangokwera tala, bwererani ku 2H, yokoka mawilo akumbuyo okha. Kulowa 4H kumatheka mukuyenda, mawilo ali owongoka; 4L imafuna muime kaye, mwaponda kilachi.

Mukawoloka mtsinje madzi n'kupitirira pakati pa mawilo, tsegulani bawuti ya difu mawa lake muone oyilo. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imakoka madzi kudzera pa kabowo kake kopumira. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, khetsani, muthire 80W-90 GL-5. Mu giyabokosi musathire yemweyo, mumafuna 75W-90 GL-4. Onaninso kuseri kwa mawilo akumbuyo: pakanyowa oyilo, chisindikizo cha ekiselo chatha, ndipo oyiloyo akafika pa mabuleki a dramu galimoto imasiya kuima bwino.

A Mbewe, Furancungo

Pepani akuluakulu, koma mwakhazikika pa Jimny ngati kuti mayiwa akufuna kukwera mapiri opanda msewu. Anthu atatu ndi matumba, ndi maulendo a ku Tete pa tala, imeneyo ndi ntchito ya Terios ya m'badwo wachiwiri, imene Toyota inkagulitsa ku Japan ndi dzina la Rush kuyambira 2006. Zitseko zisanu, thanki ya malita 50, injini ya 1.5 yotchedwa 3SZ-VE, ya tcheni, ndipo zipangizo zake zambiri zimapezeka kwa ogulitsa za Toyota, kaya ku Tete kaya kutsidya ku Lilongwe. Mafuta ndi a m'ma 8 mpaka 9 ndi theka, osatalikirana ndi Jimny, koma mwanyamula zambiri. Imakoka mawilo onse nthawi zonse ndipo ili ndi difu yapakati, choncho pa tala palibe chodetsa nkhawa. Pamatope mumadina batani lotseka difuyo.

Chimene ilibe ndi 4L. Pa chitunda chamiyala kapena matope akuya, ya giya yamanja mumayenera kusewera ndi kilachi, ndipo kilachiyo imapsa msanga. Pamenepo Jimny ndiye mwini wake, sindikutsutsa. Funso ndi lakuti malo oterowo mumawapeza kangati pachaka.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri pogula. Rush zina za ku Japan zimakoka kumbuyo kokha ngakhale kunja zikuoneka chimodzimodzi; suzumirani pansi muone ngati kutsogolo kuli difu ndi ndodo zopita ku mawilo. Ndipo Rush yatsopano ya mipando isanu ndi iwiri ilibiretu 4WD.

Pajero iO ndi galimoto yabwino kuiyendetsa. Ili ndi 4L, ndipo 4H yake imaloledwa pa tala. Koma zambiri zochokera ku Japan zili ndi injini ya GDI, ya 1.8 kapena 2.0, imene imapopera petulo mwachindunji mu silinda ndi pampu yamphamvu kwambiri. Pampu imeneyi sigwirizana ndi petulo wa fumbi kapena wa madzi, ndipo mwaye umaunjikana m'njira ya mpweya mpaka injini kumazima ikaima. Kuno kwathu, kumene nthawi zina bomba (malo othirira mafuta) ili kutali ndipo munthu amathira wa m'mabotolo pamsika, ndi chisankho choika moyo pachiswe. Makaniko oidziwa bwino ndi ochepa, ndipo ili ndi lamba wa taimingi amene akaduka amapinda mavalavu. Ndikanaisiya.

Mayi a Tadala, Ulónguè

Zikomo kwambiri abambo nonse. iO ndaichotsa. Pakati pa ziwiri zatsalazi ndiyang'ana kaye zimene zikupezeka. Ndifunsenso: ndikapita kukaona galimoto, ndiyang'ane chiyani ndisanalipire? Nanga kutentha kwa ku Tete sikuzivutitsa?

A Phiri, Moatize

Kutentha kumavutitsa galimoto iliyonse yosasamalidwa, mayi. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo galimoto yozolowera mphepo yozizira ya ku Angónia imaonetsa matenda ake ikafika pamzere wa pa mlatho wa Samora Machel kapena kuseri kwa malole a malasha. Radiyeta ya galimoto yazaka 15 imakhala ndi mutu wa pulasitiki wouma. Ukaoneka wabulawuni kapena wa timing'alu, sinthani usanaphulike. Sinthaninso chotsekera chake ndi femositati, kavalavu kosunga injini pa kutentha koyenera. Musalole makaniko kuchotsa femositati n'kuisiya yopanda, chifukwa mukakwera kwanu mu Juni injini sifika pa kutentha kwake ndipo imamwa mafuta ambiri. Thirani kulanti weniweni, osati madzi a pachitsime, amene amasiya laimu m'timipata ta radiyeta. Pakati pa radiyeta ndi ya eyakoni pamadzaza udzu ndi njere. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri, kuchokera kumbuyo.

Oyilo wa injini, pa fumbi lathuli, musadikire makilomita 10,000. Sinthani pa 5,000 mpaka 7,000 pamodzi ndi sefa yake. M13A imalowa malita pafupifupi 4. Sefa ya mpweya muziigugudira pansi pang'onopang'ono, osaipopa ndi mpweya wa kompuresa, umene umaboola pepala lake fumbi n'kumadutsa.

Pokaona galimoto, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mufike injini ili yozizira kuti mumve mmene ikulirira poyamba. Tcheni chotha chimachita phokoso masekondi oyambirira. Gonani pansi ndi tochi: zochokera kumadera a chipale chofewa ku Japan zimadyedwa ndi mchere wa m'misewu. Pa Jimny yang'anani chesisi, pamene thupi limamangidwira ku chesisi, kuseri kwa nyale zakutsogolo, ndi pansi pa kapeti yakumbuyo. Penti yakuda yatsopano kunsi ikupangitseni kufunsa chimene chabisidwa. Kenaka muitengere pafumbi, muike 4H ndi 4L, muone ngati mawilo akutsogolo akukokadi. Pa tala muifikitse 80 kuti mumve chiwongolero. Nambala ya chesisi ifanane ndi ya pa livreti (bukhu la galimoto) ndi pa pepala la umwini.

Mukagula, yesani mafuta nokha: dzazani mpaka pampu idule, ikani kauntala pa 0, yendani masiku angapo, mudzazenso pa bomba yomweyo, mugawe malita ndi makilomita n'kuchulukitsa ndi 100. Onani kaye matayala. JB43 imabwera ndi 205/70R15. Wina akaikapo 215/75R15, kauntala imawerenga mochepera ndi 5 pa 100 alionse, ndipo galimoto imalemedwa pokwera. Mpweya wa matayala ndi ma bar 1.6 kutsogolo ndi 1.8 kumbuyo, monga zalembedwa pa chitseko cha dalaivala. Opopa matayala ambiri amangoika 2.5 ngati ya pikapu, ndiye kagalimoto kopepuka chonchi kamadumphadumpha pa msewu wa mabampu n'kumataya kumbuyo pokhota.

A Jere, Ulónguè

Kuwonjezera pa za matayala: gulani a AT, oyenda pa tala ndi pafumbi pomwe, osati a matope okhaokha aja a mano akuluakulu. A mano amalira pa tala, amawonjezera mafuta, ndipo pa Jimny amafulumizitsa kutha kwa ma kingpin. Onse anayi akhale a saizi imodzi ndi otha mofanana, la sipeya lomwe, makamaka pa Terios imene imakoka mawilo onse nthawi zonse. Mukasankha Jimny, itanitsirani limodzi ma beringi anayi a kingpin, zisindikizo ziwiri ndi timapaipi ta ma habu, muikiretu mvula isanayambe mu Novembala.