Kodi ndigule makina a OPG pa ngongole ya kubanki?

wamano_zomba:

Anzanga a ntchito ya mano, ndikupempha nzeru. Ndili ndi kachipatala ka mipando iwiri kuno ku Zomba, ndipo ntchito yathu yambiri ndi kuzula, kumata ndi kutsuka mano. Vuto limabwera wodwala akafika ndi dzino la kumapeto lomwe lamera mopingasa, kapena nsagwada yovulala pangozi ya kabaza, chifukwa pamenepo pamafunika chithunzi cha nsagwada zonse. Ndimakakamizika kumutumiza kwina, ndipo ambiri akapita sabwereranso. Makina ojambula chithunzi choterocho amatchedwa OPG. Wogulitsa wina wa ku Johannesburg wandipatsa mtengo wa makina a OPG m'madola, ndipo banki yavomera kundikongoza. Kodi ndigule kapena ndiyambe ndadikira?

gogo_wamano:

Adokotala, musanasayine chilichonse, tsegulani buku la odwala la chaka chathachi, muwerenge anthu amene munawatumiza kukajambulitsa nsagwada. Chiwerengerocho muchichulukitse ndi ndalama imene munthu wa ku Zomba angalipiredi pa chithunzi chimodzi, osati imene mungafune inu, kenako muyerekeze ndi zomwe banki izidula pachaka. Ambiri amagwa mphwayi akangomaliza masamu amenewa.

Kumbukiraninso kuti mtengo uli m'madola pamene odwala anu amalipira m'makwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, moti amene anali ataitanitsa katundu osamaliza kulipira anapezeka akufunafuna ndalama zoonjezera zomwe sanazikonzekere. Chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinafika pa 26 peresenti mu 2024, ndipo mabanki amaikanso chawo pamwamba pake. Banki sidzafunsa ngati a inshuwalansi ya zaumoyo akulipirani kale. Tsiku likakwana imangodula.

mmisiri_bt:

Ine si dokotala, ntchito yanga ndi kukonza zipangizo za m'zipatala, choncho ndiyankhula za zimene zimachitika makinawo akalowa m'nyumba. OPG ya masiku ano imadalira kompyuta ndi sensa (kachipangizo kolandira cheza cha X-ray n'kupanga chithunzi), ndipo mdani wake wamkulu si kuzima kwa magetsi ayi, koma mphamvu imene amabwera nayo akamayaka. Aliyense akukumbukira mmene zinthu zinalili mu 2022 namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira. Popanda UPS yamphamvu (batire yosunga magetsi akazima) ndi stabilizer (chipangizo choletsa mphamvu ya magetsi kukwera ndi kutsika mwadzidzidzi), bolodi ya mkati imapsa, ndipo jenereta yaing'ono ya petulo siteteza kanthu, nthawi zina ndi yomwe imapsereza.

Ndinaonapo makina otere atavundikiridwa ndi chitenje pakona ya chipinda, pamwamba pake pali mafayilo, chifukwa kachipangizo kolowa m'thumba la malaya kanawonongeka ndipo ndalama zakunja zoitanitsira kena zinali kusoweka, uku mwini wake akubwezabe ngongole. Mufunseni wogulitsayo, ndipo ayankhe polemba: akawonongeka adzabwera ndani, tikiti ya ndege adzalipira ndani, ndipo sensa yatsopano ndi ndalama zingati?

Musaiwale chilolezo cha bungwe la AERA, lomwe limayang'anira zipangizo zotulutsa cheza motsatira lamulo la 2011. Chipinda chiyenera kukhala chotchingidwa bwino kuti cheza chisafike kwa odikira panja, ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, ndalama zokonzera makoma mudzazisiya momwemo. Kunena zoona, ngati kompresa yanu (makina opopa mpweya woyendetsera zida za mano) ndi autoclave (makina ophera tizilombo pa zida) zatopa, yambirani kumeneko, pakuti zikaima chipatala chonse chimatseka, pamene OPG ikaima mumangolemba kalata yotumizira wodwala kwina.

dotolo_mzuzu:

Ndikulemekeza zimene agogo anena, koma masamu awo akuwerenga odwala a chipatala chimodzi chokha. Makina amenewa amabweza ndalama pamene anzanu akutumizirani odwala awo. Yendani m'zipatala za ku Zomba, Liwonde ndi Machinga, mumve ngati angatero, ndipo muwatsimikizire kuti wodwala akajambulidwa adzabwerera kwa iwo, chifukwa mantha olandidwa odwala ndi amene amapha mgwirizano wotere. Maphunziro a madokotala a mano anayamba ku Blantyre mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow, ndiye otumiza odwala aziwonjezeka. Chokhacho chimene ndingakuletseni ndi kukopeka ndi CBCT (makina ojambula nsagwada mu 3D), yomwe ogulitsa amakonda kuitchula mukangoonetsa chidwi. Ngati simuika ma implant (mizu ya mano yochita kupanga imene amaizika m'nsagwada), simudzaigwiritsa ntchito mokwanira.

wamano_zomba:

Zikomo nonse. Nyumba ndi ya lendidi, ndipo kompresa yathu yayamba kulira modandaula. Mlungu uno ndiwerenga buku lija ndi kulembera wogulitsa mafunso a amisiri. Pakadali pano, alipo amene akugwiritsa ntchito sensa yaing'ono yojambulira dzino limodzilimodzi m'kamwa, andiuze ngati chingwe chake chimapirira kupindidwa tsiku ndi tsiku?