Kodi Thyolo alethe ingakhale m'kankhalango kopanda linthumbu?

Akuluakulu odziwa za mbalame, tithandizeni pa kambalame kotchedwa Thyolo alethe. Ndi kofiirira kumsana, koyera pakhosi, ndipo nthenga za m'mbali mwa mchira zili ndi nsonga zoyera. Kamapezeka m'nkhalango zobiriwira chaka chonse za m'mapiri a kum'mwera kwa Malawi, monga Mulanje ndi Thyolo, komanso m'mapiri a Namuli, Chiperone ndi Mabu ku Mozambique.

Nkhani yagona pa chakudya. Kambalameka kamatsata linthumbu: kamatera pa kanthambi kapafupi ndi nthaka, n'kumatola tizilombo ndi akangaude amene akuthawa gulu la linthumbulo. Tsono mitengo ikadulidwa, dzuwa limafika pansi, masamba ogwa pansi amauma, linthumbu n'kusamuka. Ku phiri la Thyolo nkhalango yambiri inatha kale, kwatsala tizigawo ta m'minda ya tiyi.

Ndiye kankhalango kakhale kakakulu bwanji kuti linthumbu lizikhalamo chaka chonse? Nanga m'miyezi yozizira, Juni ndi Julayi, mbalamezi zikatsikira m'munsi mwa phiri, kodi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje yokha imazikwanira ngati njira? Amene munachitapo kalembera wa mbalamezi, mumayamba kusaka linthumbu kapena mumangomvetsera kulira kwa mbalamezo m'mamawa?