Ulendo wa Atsibweni wa ku Munich, ku Germany

Mabvuto: Mwauka bwanji nonse. Pasipoti ya atate yatuluka dzulo, ili m'manja mwanga kuno ku Lusaka. Chatsala ndi viza ndi tikiti. Msuweni Thoko, masiku aja watsimikiza?

Thoko: Ndauka bwino msuweni. Ubatizo wa mwana ndi Lamulungu pa 27 Seputembala. Ndikufuna atsibweni afike pa 17 kuti ayambe apumulako, adzabwerere pa 8 Okutobala. Za Kulamba zidzakhala zitatha kalekale, sadzasiya ntchito yawo pakati. Kalata yowaitana ndatumiza kale. Viza ndi mayuro 90, ndipo pakufunika inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Musachite mantha, imeneyo si ndalama yolipira ayi, ndi malire a zomwe inshuwalansiyo ingalipire munthu atadwala.

Alamu a ku Katete: Zikomo potimasulira mlamu, mtima unali utayamba kale kugunda.

Thoko: Chinanso, atsibweni andipempha okha kuti ndidzapite nawo ku Oktoberfest. Chaka chino ikuyamba Loweruka pa 19 Seputembala mpaka pa 4 Okutobala. Ndawalonjeza, koma ndati ndinene pano kuti nonse mudziwe.

Amayi Aakulu: Thoko mwanawe, si chikondwerero cha mowa chija chimenecho?

Thoko: Ndi chomwecho amayi.

Amayi Aakulu: Ndiye ine pamenepo ndakana. Tikusonkha ndalama kuti alongo akaimirire banja pa ubatizo wa mdzukulu. Ine ndagulitsa mbuzi ziwiri. Munthu wa zaka 67, wa BP, akakhale pakati pa anthu oledzera kudziko la eni? Nonse mukudziwa zimene mowa unachita m'nyumba mwanga. Ana ndinalera ndekha bambo wawo alipo.

Amake Thoko: Akulu, zimenezo palibe waiwala. Koma timve kaye kwa mwana amene amakhala komweko.

Thoko: Amayi aakulu, sindikubisirani. Oledzera alipo, ambiri ndithu. Masiku amenewo kuchipatala kwathu timalandira ena usiku, wina wagwa pabenchi, wina wang'ambika pamutu, wina sakudziwa ngakhale dzina la hotela yake. Mowa wake amauthira m'chikho chagalasi cha lita imodzi yathunthu, ndipo ndi waukali kuposa Mosi, umafika cha m'ma 6 peresenti. Mlendo amaumwa mothamanga chifukwa umatsika bwino pakhosi, zikho ziwiri basi miyendo yakana. Loweruka usiku ine atsibweni sindingapite nawo ngakhale atandipempha chogwada.

Koma masana pakati pa mlungu ndi kwina. Mumapeza agogo ali ndi adzukulu, ana akukwera zozungulira, anthu akudya nkhuku yootcha. Lachiwiri ndi tsiku la mabanja, zosewerera za ana amatsitsa mtengo. Kulowa pabwalopo ndi ulere. Palinso mowa wopanda ukali, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi madzi. Palibe amene amakukakamiza.

Alamu a ku Katete: Chikho chimodzi ndalama zingati?

Thoko: Mu 2025 chinali pakati pa mayuro 14.50 ndi 15.80, kutengera tenti yomwe mwakhala.

Alamu a ku Katete: Mayo ine. Chimodzi chokha?

Atsibweni: Moni nonse ana anga, ndi inu alongo anga awiri. Ndinali kudimba, mauthenga ndawawerenga tsopano onse. Alongo aakulu, mawu anu ndawamva ndipo sindiwapeputsa. Malemu alamu ndinawanyamulapo ndekha kuwachotsa m'ngalande usiku, ndikudziwa chimene mukunena.

Lolani ndinene chifukwa chake ndinapempha. Pamene ndinali kuphunzitsa mbiri ndinawerengapo za mwambo umenewu. Unayamba ngati ukwati. Pa 12 Okutobala 1810 Ludwig, mwana wa mfumu ya Bavaria, dera limene kuli Munich, anakwatira Therese, ndipo anthu a mu Munich anaitanidwa ku dambo la kunja kwa mzinda kukaonera mpikisano wa mahatchi. Dambolo mpaka lero limatchedwa ndi dzina la mkwatibwiyo, Theresienwiese. Mafumu a Bavaria anachoka pampando mu 1918, koma mwambo uja ulipobe. Nkhondo zinauimitsa, kolera anauimitsa, korona anauimitsa mu 2020 ndi 2021, koma nthawi zonse umadzukanso.

Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuthandiza kulandira alendo ku Mkaika pa Kulamba. Anthu amachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kuno kwathu kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo chaka chilichonse chotisowetsa tulo ndi chimodzimodzi: madzi, zimbudzi, poimika magalimoto, mwana wotayika, munthu wokomoka ndi dzuwa. Anzathuwa amalandira anthu oposa 6 miliyoni m'milungu iwiri ndi masiku ochepa. Amachita bwanji? Zinyalala amachotsa nthawi yanji? Wodwala amamutulutsira pati pakati pa khamu? Ndikufuna ndikaone ndi maso anga, ndilembe m'kabuku, ndidzafotokozere anzanga. Kufika m'mudzi tsiku la mwambo wawo waukulu n'kudzitsekera m'nyumba, ine ndingadzimve kuti ndapita pachabe.

Ndipo sindinama, chikho chimodzi ndikufuna kulawa.

Amayi Aakulu: Apo ndiye mwanena zoona zake alongo.

Atsibweni: Ndanena dala kuti musadzazimvere kwa ena.

Mabvuto: Azakhali, atate ndimawadziwa. Pa ukwati wanga anamwa botolo limodzi, lachiwiri anabweza. Nkhawa yanga ine ndi khamu ndi miyendo yawo.

Thoko: Za zomwe atsibweni akufuna kuona, zilipo zambiri. Pabwalopo pali pothandizira odwala, apolisi ali ndi malo awo, palinso posungira ana otayika. Pachipata amafufuza, chikwama choposa malita 3 sichilowa, ndiye chikwama chawo chachikopa chija chidzatsala kunyumba. Izi anazikhwimitsa chifukwa cha chitetezo. Pachipata chachikulu pali chikumbutso cha anthu amene anafa ndi bomba pa 26 Seputembala 1980, ndidzawaonetsa.

M'matenti akuluakulu 14 aja mumalowa anthu masauzande, koma mowa amapatsa munthu amene wakhala pabenchi, woima nthawi zambiri sapatsidwa. Ogulitsa ndi makampani asanu ndi limodzi okha a mu Munich momwemo, Augustiner, Hacker-Pschorr, Hofbräu, Löwenbräu, Paulaner ndi Spaten. Wa kunja kwa mzinda saloledwa. Ndipo palibe amene amalawa mpaka meya atatsegula mbiya yoyamba nthawi ya 12 koloko masana, tsiku loyamba, mu tenti ya Schottenhamel. Atsibweni mudzakondwa kuona amayi operekera aja. Amakumbatira zikho khumi pachifuwa, thovu likutsikira m'zala, kakhwelu kali pakamwa kuti anthu apatuke, osataya n'chimodzi chomwe.

Atsibweni: Mwamva alongo? Mkulu ayambe walawa ndipo ena atsatire. Anthuwa mwambo ali nawo.

Amayi Aakulu: Mwambo ali nawo, koma BP ndi yanu.

Amake Thoko: Ndiyeseko kulumikiza. Choyamba, ndalama zomwe tasonkha zikhale za viza, inshuwalansi, basi ya ku Lusaka ndi theka la tikiti, monga tinapangana. Ngwee imodzi isapite ku chikho. Chachiwiri, alongo apite kuchipatala asananyamuke, akafunse ngati mankhwala awo akulola. Adokotala akakana, amwe wopanda ukali uja. Akulu, mukuona bwanji?

Atsibweni: Ndavomera zonse. Za chikho ndi nkhuku ndidzatenga pa ndalama zanga za nshawa.

Thoko: Nkhuku ndigula ndine atsibweni, musandilande mwayi. Ndaganiza masiku awiri. Lamulungu pa 20 kuli chionetsero cha zovala za makolo, anthu pafupifupi 9,000 amayenda m'misewu ya mumzinda ndi ng'oma, malipenga, mahatchi okoka ngolo. Chimenecho timaonera titaima m'mbali mwa msewu, mowa palibe. Kenako Lachiwiri pa 22 tidzalowa pabwalo cha m'ma 11, tidye, tizungulire, 4 koloko tili pa sitima ya pansi kubwerera. Bambo a mwana atenga tchuthi tsiku limenelo, adzakhala pambali pawo nthawi yonse.

Amayi Aakulu: Lamulungu m'mawa? Nanga tchalitchi?

Thoko: Kumpingo kwathu kuli mapemphero a madzulo amayi, tidzapita amenewo.

Amayi Aakulu: Chabwino. Mtima wanga sunakhazikike kwenikweni, koma sindiletsa. Thoko, ndakupatsa iwe m'manja. Mankhwala awo uziwaona ndi maso kuti amwa. Ndipo Lachiwiri limenelo mukangofika kunyumba undiimbire, ndimve mawu awo.

Thoko: Ndidzaimba amayi. Mwezi umenewo nthawi ya kuno ndi ya kwathu ndi imodzi, 5 koloko kuno ndi 5 koloko ku Chipata.

Alamu a ku Katete: Ine ndinafuna kutumizako nyama yofutsa ya mlamu wathu.

Thoko: Ayi chonde alamu, nyama ndi zamkaka saloleza kulowa nazo kuno, angavutike nazo pabwalo la ndege. Chitenje cha mwana chokha chikwanira. Msuweni, atsibweni uwagulire juzi yokhuthala ndi nsapato zotseka. Kwathu kudzakhala kukutentha koma kuno m'mawa kumazizira, mvula imagwanso. Mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ya adokotala, osati m'sutikesi.

Mabvuto: Ndamva. Ndege ndikuyang'ana yodzera ku Addis Ababa kapena ku Doha, yomwe sadikira nthawi yaitali posintha. Ku ofesi ya viza ayenera kukaonekera okha chifukwa cha zidindo za zala, ndiye abwere kuno mlungu wa mawa. Amene simunatumize, tumizani pa Airtel Money ya azakhali aang'ono pofika Lachisanu. Atsala ndi mabanja atatu, akudzidziwa.

Alamu a ku Katete: Yathu ifika mawa tikagulitsa soya. Basi ya m'mawa imadutsa pano pa Katete, ndikwera nawo mpaka ku Lusaka, ndili ndi zogula za shopu. Mabvuto udzatichingamire pa Intercity.

Atsibweni: Zikomo mkamwini. Mabvuto, undigulireko kabuku kolowa m'thumba la jekete ndi mabolopeni awiri.